Chaka Chimene Tinalanda Ufulu kwa Mwini Mpira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu giredi seveni, pamene ndinatsogolera nkhondo yomenyera ufulu ku komboni yathu ya Kanyama. Musafulumire kuseka. Nkhondoyo inali ndi mfumu yake yankhanza, inali ndi msonkho, inali ndi asilikali oyenda opanda nsapato, ndipo tinapambana. Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi zimene ndinachita titapambana.

Mfumu yathu inali Bonifesi, tonse tinkangoti Boni, mwana wa eni nyumba za lendi za mzere wonse wa kwathu. Ndiye yekha anali ndi mpira weniweni wachikopa, wochita kupopa, umene amalume ake anamubweretsera kuchokera ku Kitwe. Bwalo lathu linali kuseri kwa chigayo, kamalo kodzaza miyala yoyera ija yotumphuka m'nthaka, imene inatitha zikhadabo za kumapazi tonsefe. Lamulo la m'komboni aliyense amalidziwa: mwini mpira sakhala panja, amasankha yekha anthu a timu yake, woyimbira ndi iye yemwe, ndipo zikamuthina amanyamula mpira wake n'kumapita kwawo. Zonsezi tinkazipirira chifukwa tinazipeza. Koma chaka chimenecho Boni anawonjezera chake. Aliyense wofuna kusewera ankayenera kumupatsa chitumbuwa chimodzi kapena aisi buloko, timadzi totsekemera toumitsa m'firiji, asanalowe m'bwalo.

Ife a pakhomo pathu msonkhowo sunkatiwawa kwambiri. Amai ankagulitsa tiyi ndi zitumbuwa m'mawa pa siteshoni ya maminibasi, ndipo zophwanyika ndi zopserera zinkabwerera kunyumba. Mlongo wanga Dailesi, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, ankasunga ziwiri m'thumba la diresi, china changa china chake. Amai ankafuna ndizimutchula kuti ba Dailesi, ndipo ndinkatero iwo akakhala pafupi basi. Dailesi ndiye anali golokipa wathu. Sankaopa mwala, sankaopa phazi la munthu, ankapinda diresi n'kulilowetsa m'kabudula wanga wakale, kenako ankauluka. Boni analibe nazo kanthu kuti ndi mtsikana, bola chitumbuwa chafika m'manja mwake, ndipo nthawi zambiri ankamusankha poyamba.

Amai zimenezi sankazikonda, koma ankangoyang'ana kumbali. Tsiku lina akumutsuka chilonda cha pabondo ndi madzi a mchere, ine ndili pakhomo pomwepo ndikudya mango, anamuuza mosapsatira.

"Iwe Dailesi, sewera bola yako chaka chino. Ukakula chabe, vothamanga na anyamata vatha. Wamvera?"

Dailesi anagwedeza mutu. Tonse tinkadziwa kuti kukulako sikunali kutali, chifukwa anzake awiri a msinkhu wake anali atavala kale chitenje.

Nkhani ya ku Amerika inatifikira chifukwa cha mvula. Ku Kanyama mwezi wa Febuluwale madzi sapita kulikonse, amangokhala pomwepo mpaka atatopa okha. Tsiku limenelo theka la kalasi silinabwere, ndipo ife amene tinafika tinali titanyamula nsapato m'manja. Aphunzitsi athu, ba Mwanza, bambo woonda wokhala ndi choko pathalauza nthawi zonse, anaona kuti kuphunzitsa masamu kwa anthu ochepa chotero n'kutaya nthawi. Anatseka buku nayamba kutisimbira za dziko lina lakutali, limene kale linali pansi pa mfumu ya ku Mangalande monga mmene linalili lathu.

Anati kunali madera khumi ndi atatu m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Mfumu inkakhala kutsidya, sinapondeko n'kamodzi komwe, koma inkawaikira msonkho pa mapepala, pa tiyi ndi pa zinthu zina, pamene iwo analibe munthu wowayankhulira kumene malamulowo ankapangidwa. Atatopa nazo, amuna ena a mu mzinda wa Boston anadzibisa nkhope, anakwera zombo zimene zinabweretsa tiyi, n'kukhuthulira mabokosi onse m'nyanja. Kenaka atsogoleri awo analemba chikalata chonena kuti anthu onse analengedwa ofanana, ndipo nkhondo inatenga zaka. Asilikali awo ena anayenda m'chisanu opanda nsapato. "Dera limodzi palokha likanaphwanyidwa," anatero ba Mwanza. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Ine sindinamvenso zina. Ndinayang'ana mapazi anga amatope, ndinayang'ana mnzanga Chanda amene ankakhala benchi imodzi ndi ine, ndipo iyenso anali akundiyang'ana. Mfumu tinali nayo, msonkho tinali nawo, nsapato tinalibe. Chotsala chinali tiyi.

Tinasonkhana madzulo ake kuseri kwa chigayo. Titadziwerenga tinapezeka khumi ndi mmodzi, Dailesi ali momwemo. Chanda anati sizingatheke popanda kukwana khumi ndi atatu, choncho tinakatenga tiana tiwiri ta mamina timene tinkasewera ndi waya pafupi, n'kutiuza kuti nato ndi madera. Vuto linali pa tiyi. Mwa chilungamo tinayenera kutaya tiyi wa kwa Boni, koma kwawo kunali mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, komanso galu. Onse anatembenukira kwa ine, mwana wa mai wogulitsa tiyi. Ndipo ine, pofuna kuoneka mwamuna, ndinati siyirani ine.

Amai ankasunga paketi yaikulu ya masamba a tiyi m'chitini pamwamba pa kabati. Mawa lake masana, iwo atapita kukagula ufa wa zitumbuwa, ndinaitenga yonse. Tinadzipaka makala kumaso, ena anatsomeka m'tsitsi nthenga zimene tinatola kumene amayi amasosola nkhuku pamsika, ndipo tinaguba mpaka pa geti ya kwa Boni, pamene panali chithaphwi chachikulu chofika m'mawondo. Ndinang'amba paketi ija n'kukhuthula. Masamba anayandama pang'ono, kenako madzi anasanduka ofiirira, ndipo kwa kanthawi kochepa Kanyama yathu ya fungo la matope ndi zimbudzi zosefukira inanunkhira ngati m'mawa wa Khirisimasi. Fungo limenelo ndimalimvabe.

Boni anasuzumira pamwamba pa geti akutafuna. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, nayang'ana madziwo.

"Mwapenga imwe? Iyo tiyi ni ya ndani?"

Funsolo linali labwino, koma tinali titatanganidwa ndi kukuwa kuti sitilipiranso.

Madzulo amai anatsitsa chitini n'kuchipeza chopanda kanthu. Kwathu, monga m'nyumba zambiri, chinthu cha kukhitchini chikasowa safunsa mnyamata. Anaitana Dailesi. Ine ndinali panja, makala ena akadali kuseri kwa makutu, ndipo ndinamva patapata ikulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Dailesi anali nafe pa geti paja, anaona zonse, koma anangoti mwina anaiwala kutseka chitseko. M'mawa mwake amai sanagulitse tiyi, anapita ndi zitumbuwa zokha. Dailesi atatuluka kukasesa panja anandidutsa n'kunditsina pamkono, osati mopweteka. "Amfumu a tiyi," anatero motsitsa mawu, akumwetulira. Sindinamuthokoze, ndinkaona ngati ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira.

Tsopano ufulu tinali nawo koma mpira tinalibe. Masiku atatu tinakhala pamiyala tikuyang'ana Boni akumenya mpira wake pakhoma la chigayo yekhayekha, ndipo madera ena anayamba kunong'ona zobwerera kwa mfumu. Amene anatipulumutsa ndi Dailesi yemweyo. Anatituma kukatola mapulasitiki, matumba akale a ufa ndi timizere ta chubu ya njinga. Anakhala pambali pa mbaula, akukulunga, akuwambika pamoto pang'ono kuti pulasitiki igwirane, kenaka analuka chingwe kuzungulira ngati ukonde. Mpira wotere timautcha chimpombwa, ndipo aliyense ankatha kupanga chake, koma cha Dailesi chinali chobulungira bwinobwino ndipo chinkadumpha. Zala zake ziwiri zinatupa matuza. Titachimenya koyamba, Chanda anati ichi n'chabwino kuposa cha mfumu, ndipo ngakhale linali bodza tonse tinavomereza.

Boni sanagonje msanga. Anabwera ndi asuweni ake awiri a ku sekondale ndi anyamata ena amene anawagula ndi aisi buloko, nati bwalo ndi lake chifukwa chigayo ndi cha mnzawo wa atate ake. Tinaponyerana matope masana awiri. Tsiku lachitatu bambo wogaya pachigayopo, atatopa ndi phokoso, anatuluka ali mbuu ndi ufa nagamula kuti tisewere, opambana atenge bwalo. Tinasewera mpaka dzuwa litafiira. Tinagoletsa chimodzi, ine ndi amene ndinagoletsa, ndipo kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaisimba n'kuimira pamenepo. Zoona zake n'zakuti asuweni aja anatipanikiza theka lonse lachiwiri, ndipo Dailesi anagwira mipira imene ikanalowa kasanu ndi kawiri. Wina unamugunda pakamwa, analavula magazi n'kubwerera pakati pa miyala iwiri imene inali golo lathu.

Loweruka lotsatira tinakumana kuti tikhazikitse dziko lathu. Ndinazula pepala la pakati pa kope langa la phunziro la Soshozi n'kulemba pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti TONSE NDIFE OFANANA. Pansi pake tinaika malamulo: palibe msonkho, woyimbira tizisinthana, mpira ndi wa tonse, kaputeni azisankhidwa pokweza manja. Ndiye panatsala kusaina mayina ndi kusankha kaputeniyo. Apa Chanda anandikokera pambali, kuseri kwa mulu wa madeya.

Anandiuza kuti popeza tsopano ndife timu yeniyeni, tizikasewera ndi a makomboni ena, a ku Chibolya ndi a ku John Laing, ndipo kumeneko akationa ndi mtsikana pagolo adzatiseka mpaka kalekale. Anati msuweni wake nayenso amatha kugwira. "Ukamuchotsa sisita wako, manja onse ni yako," anatero. "Ukakana, niimilira ine."

Ndinkaufuna ukaputeni umenewo, ndisaname. Ndinkadziona ngati mtsogoleri wa asilikali amene ba Mwanza anamutchula m'nkhani yawo, atakwera hatchi. Ndinabwerera pagulu, ndipo pepala litafika pa Dailesi, iye atatambasula kale dzanja kuti alandire bolopeni, ndinalikoka.

"Yembekeza pang'ono," ndinatero. "Tiyambe takhazikika. Chaka chamawa uzalowa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mlomo wake unali ukadali wotupa. Sanakuwe, sanalire, sanatenge ngakhale chimpombwa chake, chimene akanatha kunyamula monga mmene Boni ankachitira. Anangotulutsa diresi m'kabudula muja, nalikonza bwino, n'kumapita kunyumba. Manja khumi ndi awiri anakwera, ngakhale a tiana ta mamina tija, ndipo ndinakhala kaputeni.

Panapita masabata angapo ba Mwanza asanamalize nkhani yawo. Madzi anali ataphwa, kalasi inali yodzaza, ndipo wina anawafunsa kuti anthu aja atapambana zinatha bwanji. Anatiuza za malamulo amene analemba, za mtsogoleri wa asilikali amene sanafune kukhala mfumu ndipo pambuyo pake anabwerera kumunda kwake. Kenaka anafufuta choko m'manja n'kunena kuti panali china chimene sanatiuze. M'dziko latsopanolo munali akapolo, anthu akuda ngati ife, amene ankalima minda ya atsogoleri omwewo. Ngakhale munthu amene analemba kuti onse analengedwa ofanana anali ndi akapolo pakhomo pake. Anthu akuda ena anamenya nawo nkhondo ija, koma ukapolo unapitirira kwa zaka zambirimbiri. Akazi nawonso sanapatsidwe mwayi wovota. Ena mwa atsogoleriwo ankadziwa kuti n'kulakwa, koma ankati nkhaniyo idikire, dziko liyambe lalimba.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinamva ngati anthu amene ndinkawakhulupirira andinamiza pamaso. Ndinayenda njira yonse ndikutukwana mumtima, ndipo nditafika ndinapeza Dailesi atagwada panja akukwecha mapoto ndi mchenga. Kuchokera tsiku la pepala lija ankandiyankhula zofunika zokha, koma ine ndinali nditadzaza, ndinafuna pokhuthulira. Ndinamufotokozera zonse, za akapolo, za chikalata, za kudikira.

"Ungakhulupirire? Munthu kulemba na dzanja lake kuti onse ni ofanana, koma wina amusiya panja."

Dailesi sanadzutse mutu. Anatembenuza poto, natapa mchenga wina.

"Nanga chokudabwitsa n'chiyani, ba kaputeni?"

Ndinaima pamenepo ndi chikwama kumsana. Mumtima ndinadziuza kuti zimenezo n'zosiyana, kuti ife ndi za mpira chabe. Ndinalowa m'nyumba ndipo tsiku limenelo sindinapite kubwalo.

Ndikanakonda kulemba kuti mawa lake ndinakonza zonse. Ndinayesa, koma kuyesa kwa munthu wosafuna kutaya kanthu. Ndinauza anzanga kuti tivote ngati Dailesi angabwerere. Msuweni wa Chanda anali atazolowera kale pagolo, ngakhale ankalowetsa mipira ngati dengu lobooka, ndipo manja amene anakwera anali anayi okha. Ndinabwerera kunyumba n'kumuuza kuti ndayesetsa koma ambiri akana, ndipo m'dziko la ufulu ambiri ndiwo amapambana. Ndikanatha kutula ukaputeni. Ndikanatha kunena kuti popanda iye inenso sindisewera, ndipo ndikudziwa kuti akanagonja, chifukwa zigoli zambiri zinkachokera kwa ine. Sindinatero. Chimpombwa chikatha ndinkamubweretsera mapulasitiki, ndipo ankangotilukira china.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza azakhali athu a ku Matero ndi amayi ena awiri a kutchalitchi ali m'nyumba, chitseko chotseka. Ananditumiza kukagona kwa a neba sabata yonse. Dailesi atatuluka anali atavala chitenje chatsopano, maso ali pansi, akuyenda pang'onopang'ono monga anamulangizira. Kabudula wanga wakale uja ndinamupeza atachapidwa, atapindidwa bwino pamwamba pa zovala zanga. Kuyambira pamenepo ankadutsa kuseri kwa chigayo ndi chigubu cha madzi pamutu osacheuka. Miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, imene akanasewera, ndinali nditamudyera ine.

Lero tonse tili ndi imvi. Chigayo chija chinagwetsedwa, pabwalo pathu pali nyumba zothinana, ndipo Boni ndimakumana naye ku maliro, ndi munthu wofatsa wa mimba yaikulu amene amaseka kwambiri tikakumbutsana za tiyi. Masiku amenewo ndimawasowa, matope ake ndi njala yake yomwe. Dailesi ali ndi sitolo ya zitenje ku Chawama. Chaka chatha ndinapita kukamuona, ndipo tili pabenchi kutsogolo kwa sitoloyo tinaona atsikana a sukulu akudutsa atavala yunifolomu ya mpira, nsapato zili pakhosi, akukankhana ndi kuseka. Dailesi anawatsatira ndi maso mpaka anakhota. Ndinaona kuti ndikapanda kuyankhula tsiku limenelo sindidzayankhulanso.

"Ba Dailesi, ija nkhani ya pepala. Munikhululukire. Ninali mwana, ninaganiza kuti nthawi ikalipo."

Anaseka pang'ono, napukuta fumbi pa chitenje chimene chinali pamiyendo pake.

"Va tiyi ninakukhululukira tsiku lomwelo. Va pepala navo ninasiya kale. Koma usaname kuti unali kuganiza kuti nthawi ilipo. Pamene amai anali kukamba, unali pakhomo, unali kudya mango."

Ananena zoona. Kwa zaka zoposa makumi atatu ndinkadziuza kuti ndinalakwa chifukwa cha umbuli wa ubwana, ndipo atsogoleri a ku Amerika aja ndinkawaweruza kuti iwo anali akuluakulu odziwa zinthu. Tsopano ndimamvetsa kuti kulanda ufulu kwa wokupondereza sikuvuta kwambiri ngati kuugawira munthu amene unali naye limodzi pankhondo, ndiponso kuti wouza mnzake kuti adikire kawirikawiri amakhala atawerengera kale kuti kudikirako sikumupweteka iyeyo. Pamene ndinkauza mlongo wanga kuti adzalowa chaka chamawa, ndinkadziwa kuti iye chaka chamawa alibe.